Tipulumutse nyimbo zotsegulira mapulogalamu akale matepi asanawole

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za tinyimbo tija timatsegulira mapulogalamu a pa kanema. Munthu amatha kuiwala nkhani yonse ya sewero limene ankaonera kalekale, koma kanyimbo kake kakangolira, amayamba kung'ung'udza osadziwa. Chifukwa chake n'chosabisika. Nyimbo yotere imakhala yaifupi, masekondi 30 kapena mphindi imodzi, imakola khutu pa manotsi anayi kapena asanu oyamba, ndipo imalira ola lomwelomwelo sabata ndi sabata, mpaka amene ali kukhitchini amadziwa kuti zayambika.

Nkhawa yanga ili pa matepi. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ndiye kuti zojambula zoyambirira zadutsa zaka 25, ndipo tepi ya Betacam kapena VHS ikafika msinkhu umenewu siidalirika. Tepi ndi kalamba ka pulasitiki komatidwa ufa wa maginito ndi guluu. Guluuyo amamwa chinyontho, makamaka nyengo ya dzinja, n'kuyamba kunyata. Mukaiika m'makina imalira kuti kwiii, ufa uja umakanuka n'kutsalira pa mitu yowerengera, ndipo chimene chakanukacho chapita basi. Choncho kulakwa kwakukulu ndi kuthamangira "kungoyesa" tepi yakale kuti muone ngati ikulira. Kuyesa komweko ndiko kumaipha.

Yambani ndi maso. Tepi yochita chuku, yooneka mbuu m'mbali, ipatuleni isapatsire zinzake. Yonyata imafunika kuiumitsa kaye pa kutentha kwa madigiri 50 mpaka 54, maola osachepera 8, ina tsiku lathunthu, kenako izizire yokha. Apa pamafunika chipangizo chosunga kutentha kofanana nthawi yonse, monga choumitsira zipatso. Uvuni wophikira ayi ndithu, chifukwa moto wake umakwera ndi kutsika ndipo umapinda pulasitiki. Mankhwala amenewa ndi akanthawi. Pakapita masabata ochepa tepi imayambanso kunyata, ndiye ikopereni mu kompyuta nthawi yomweyo.

Pokopera, mawu asungidwe ngati WAV, mtundu wa fayilo wosataya mbali iliyonse ya mawu, pa muyeso wa 48 kHz ndi 24 bit. MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe. Ndi yabwino kutumizirana pa WhatsApp, osati kusungira mbiri. Makope akhale atatu, limodzi lisungidwe nyumba ina, ndipo ku National Archives ku Zomba ndi malo oyenera. Matepi enieniwo musataye. Aimikeni chilili ngati mabuku, m'chipinda chouma cha madigiri osapitirira 20, kutali ndi masipika poti ali ndi maginito. Nthawi nayo yatithera: kampani ya Funai, yomaliza kupanga makina a VHS, inasiya mu 2016, ndiye makina aliwonse amene akuyendabe ndi chuma.

Tisaganize kuti vutoli ndi la osauka okha. BBC inkafufuta matepi ake n'kujambulapo zina, mpaka magawo ambirimbiri a pulogalamu ya Doctor Who anasowa. Asanu ndi anayi anakapezeka mu 2013 mumzinda wa Jos ku Nigeria, m'nyumba yosungira katundu wa kanema. Nyimbo yotsegulira pulogalamu imeneyi ili ndi phunziro lina. Anaipeka ndi Ron Grainer mu 1963, koma amene anaiumba ndi Delia Derbyshire, yemwe ankajambula noti iliyonse payokha, n'kumadula tepi ndi lezala ndi kulumikiza tizidutswato. Dzina la Delia silinkalembedwa pa pulogalamuyo. Linadzaoneka mu 2013, mwiniwake atamwalira kale mu 2001.

Ifenso fayilo iliyonse iyende ndi chikalata chake: dzina la pulogalamu, chaka, wopeka nyimbo, oyimba, oliza zida, ndi situdiyo imene inajambula. Popanda zimenezi, bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo, lingapereke bwanji ndalama kwa mwini nyimbo kapena ana ake? Maina ambiri otere ali m'mitu ya amisiri amene anapuma pantchito. Nyumba zoulutsa mawu ziwaitane akadali moyo, ziwakhazike pafupi ndi makina, tepi izilira iwo akutchula maina, wina akulemba.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo zakale,
Zomba