Za ndalama unandifunsa zija

Mwana wanga,

Uthenga wako ndaumva, amayi akonso amva, ndie ndati ndilembe chifukwa pa foni timangodulana mawu komanso netiweki kuno ku Chitakale mvula ikangoyamba imavuta. Ife tili bwino, kaya iwe ndi adzukulu anga kumeneko.

Wafunsa zoti ndalama wasunga zija upange nazo chani. Poyamba penipeni zichotse mu akaunti ya sevingi, zimenezo sindikukambirana nawe. Ukukumbuka November 2023, tinagona dola ili pa K1,180 kudzuka ili pa K1,700, kwacha yagwa ndi 44 peresenti, pamene mu May 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti, ndipo mu 2012 nthawi ya mayi Joyce Banda zinachitikanso iwe ukadali pa sukulu. Mu 2024 mitengo ya zinthu imakwera kupitirira 30 peresenti pa chaka, kutanthauza kuti katundu wa K1 miliyoni mu January amafuna K1.3 miliyoni pofika December, pamene intelesiti ya sevingi siyandikira olo pang'ono pamenepo. Nambala ya pa sitetimenti imaoneka yomweyo koma matumba a simenti amene ingagule akuchepa mwezi ndi mwezi.

Mmene ndikuonera ine kwachayi sinapumebe. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, mafuta, feteleza, mankhwala zonse zimafuna dola, pamene madola ambiri timadikira fodya amene msika wake umatsegulidwa cha mu April nkutseka miyezi ingapo basi. Tiyi wathu wa kuno ndi ku Thyolo, shuga ndi makademiya zimathandiza koma sizikwanira. Pulogalamu ya ngongole ija boma linasainirana ndi IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko, mu November 2023 inathera panjira mu May 2025. Ndie ukaona mtengo wa dola wa ku banki ukusiyana kutali ndi wa anyamata osintha ndalama pa Muloza paja, dziwa kuti chinachake chidzagonja, kaya liti, koma ndalama zako uzikonzere zimenezo.

Anzako akuuza za ma Treasury bill, sakunama. Umabwereketsa boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364, umadzera ku banki yako, nthawi ikakwana amakubwezera ndi chiwongola dzanja. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongola dzanja chimene mabanki amatsatira pobwereketsa ndalama, kufika pa 26 peresenti mu February 2024, ndie ma bill a chaka chathunthu akhala akupereka bwino ndithu poyerekeza ndi sevingi. Koma ukapita kukafunsa usangomva nambala nkusekerera, uyerekeze ndi mmene zinthu zikukwerera chaka chimenecho, ikakhala pansi pake ndiye kuti ukungochepetsa kuluza, sukulemera ayi. Palinso ma unit trust ngati a Old Mutual amene amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri, ubwino wake ukafuna ndalama mwadzidzidzi sudikira miyezi, ndie ndalama ya matenda ndi maliro, yokwana malipiro ako a miyezi ingapo, ikhale malo ngati amenewo.

Za masheya, kugula kagawo ka umwini wa kampani, ndi zimene ndikufuna umvetsetse bwino, poti ndi zimene zakutenga mtima. Malawi Stock Exchange ili mu Blantyre momwemu, kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996, pano muli National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Illovo, Press Corporation, Sunbird, TNM, Airtel ndi ena, onse pamodzi safika olo 20. Sugula wekha, umatsegula akaunti kwa broker, wokugulira ndi kukugulitsira masheya, wovomerezeka ngati Stockbrokers Malawi kapena Continental Capital, ndie kampani ikapanga phindu imakugawira dividendi komanso mtengo wa sheya ukakwera ndi zako. Mu 2023 ndi 2024 msikawu unakwera kuposa mmene zinthu zimakwerera, makamaka mabanki, nchifukwa chake pano aliyense mu minibasi ndi katswiri wa masheya.

Koma tadzifunsa, mabanki phindu lonseli akulitenga kuti pamene mabizinesi akulira? Gawo lalikulu ndi chiwongola dzanja chochokera ku boma, poti boma likubwereka kwambiri mkati mwa dziko momwemuno ndipo banki imaona bola kubwereketsa boma kusiyana ndi mlimi wa nanazi wa kwathu kuno. Tsono iwe ndi nesi wa boma. Malipiro ako achokera ku boma, penshoni yako ikudalira boma, ukagula Treasury bill wabwereketsa boma, ukagulanso masheya a mabanki okhaokha wabwereketsanso boma lomwelo kudzera khomo lakuseri. Uziona ngati wagawa ndalama panayi pamene mbuzi zonse wamangirira pa chikhomo chimodzi, tsiku limene boma lidzavutike kubweza ngongole zake zonse zidzagwedezeka limodzi. Sindikuti zichitika mawa, ndipo sindikuti mabanki usagule, gula ndithu, koma uphatikize ndi kampani imene ndalama zake zimachokera kwa anthu ogula shuga, ogula bandulo, kapena imene imagulitsako katundu kunja nkulandira dola. Nazonso zili ndi zake, Airtel mu 2023 inaluza chifukwa inali ndi ngongole za madola kwacha itagwa, ndie pamene ukuwerenga malipoti awo uziyang'ana kuti ngongole zawo zili mu ndalama yanji. Ine zaka zonse ndinali kalaliki wa maakaunti ku esiteti tsamba limene ndimayamba kutsegula linali la ngongole, la phindu limabwera pambuyo.

China, msika wathuwu ndi waung'ono, pali makampani ena masheya ake amatha masiku osagulidwa, ndie tsiku ukufuna kugulitsa mwachangu wogula osapezeka. Ndalama ya fizi ya ana ya teremu ikubwerayi isapite kumeneko. Uziika imene sukuifuna zaka zisanu, ndipo uzigula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi osati kukhuthula zonse tsiku limodzi mitengo ili kumwamba chonchi.

Amayi ako akuti ugule munda basi, zamapepalazi sakuzikhulupirira. Ali ndi mfundo, malo sagwa limodzi ndi kwacha, komanso kuno malo ndi a kuchikazi, iwe uli ndi mawu pamenepo kuposa ine mkamwini. Koma usaganize kuti munda ndi wopanda ngozi. Nthochi za ku Thyolo zimene zimadzadza malole zinatha ndi chisaka anthu akuona. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola minda mmunsi mwa phiri la Mulanjeli, ena mpaka lero pamene panali chimanga pali miyala. Tiyi naye, amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe mu madola inde, koma mlimi wamng'ono akafika pa sikelo ndi dengu lake la masamba kumsana, kalaliki akamuchotsera za madzi a mvula nkulemba makilo mu kabuku, amalandira kwacha pa mtengo umene anagwirizana kale, dola ikakwera iye samva msanga pamene feteleza wakwera tsiku lomwelo. Ngati ukufuna za munda ine ndingakonde makademiya pa kamalo kakumtunda kaja, koma udziwe ndi mtengo wofuna zaka zingapo usanatole kanthu, ndipo uzitumiza ya ganyu osadandaula. Malo ogula kwa munthu usapereke ndalama a mfumu ndi abale ake onse a mwini malo asanakhalepo, mapepala alembedwe, milandu ya malo kuno siitha.

Banki mkhonde ya amayi ako ikuyenda bwino, bokosi lija la maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, koma imayenda chifukwa amadziwana mpaka kukhitchini. Ya ku ntchito kwanu imene anthu ena sunawaonepo nkhope uikemo yochepa. Zija za pa WhatsApp zoti ika K200,000 mwezi ukatha utenge K400,000, kaya akuti forex kaya crypto, uwafunse laisensi ya ku Reserve Bank, ukaona ayamba kukutumizira zithunzi za magalimoto mmalo mwa laisensi tuluka mu gulumo.

Sabata ino pita ku banki ukafunse ma bill a masiku 364 ali pa zingati, ufunsenso broker kuti amadula zingati pogula ndi pogulitsa, unditumizire manambalawo tiwerengere limodzi. Amalume ako usawauze kaye kuchuluka kwa ndalamazo, akumanga nyumba ku Luchenza ndipo malata sanagule.

Ndine bambo ako.