Mabanja a asilikali kumudzi kuno tikuwasiya okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za mabanja a asilikali, osati a mu Kamuzu Barracks kapena ku Cobbe ayi, amene aja ali ndi anzawo khomo ndi khomo, ndikunena amene amatsala kumudzi ngati kwathu kuno ku Lizulu.

Achimwene anga ndi msilikali. Atapita ku DRC alamu anga anabwera ndi ana atatu kuzakhala ndi amayi. Mu Januwale 2025 nkhondo ya zigawenga za M23 itavuta cha ku Goma ku DRC komweko tinamva pa wailesi kuti asilikali athu atatu aphedwa, maina tisanawamve, foni ya achimwene yosagwira. Ine ndinawaona alamu atakhala pakhonde mpaka pakati pausiku ndi kuzizira kwa kuno, foni ili mmanja, moto ukatha kutuma mwana athamange akatchajitse kumsika, nsima kuzizira osaikhudza. Amayi BP inakwera. Masiku onse aja amene anabwera kuzangokhala nawo pamphasa anali agogo amodzi basi.

Mukafunsa chifukwa anthu amati aaa kwa msilikali kuli madola, asowa chani. Mau amenewa amandipweteka kwabasi. Ndalamayo ikabwera imathera ku fizi, feteleza ndi achibale ambali zonse ziwiri, komanso ndalama siingamukhazike mtima pansi mayi amene sakudziwa ngati mwamuna wake ali moyo, siingamunyamule mwana wodwala usiku kupita naye kuchipatala.

Pamaliro a msilikali pokha timadzaza, kuonera yunifolomu ndi kuomba kwa mfuti. Pakatha sabata mayi uja atsala yekha ndi mapepala oti akawayendere ku Lilongwe, sadziwa ayambire ofesi iti, pena akuchimuna ayamba kale kuwerenga katundu. Msilikali wathu Chancy Chitete anafera cha ku Beni ku DRC mu 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, UN inamupatsa mendulo mu 2019, tonse tinanyadira, koma anafa limodzi ndi a Malawi ena asanu tsiku lomwelo ndipo aliyense anasiya anthu ake pamudzi wina wake. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndi asilikali omwewa ankafukula abale athu mmatope.

Ndiye pempho langa silofuna ndalama zambiri ayi. A gulupu amadziwa khomo lililonse, angolemba makomo amene mwana wao ali kuntchito kunja. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a mmiphakati, mumayendera kale odwala, onjezerani makomo amenewa. Asilikali opuma tili nawo mmidzimu, iwowa amadziwa mayendedwe a mapepala a penshoni, tiwapemphe aziperekeza amayi amasiye. Akuluakulu a asilikali a MDF nawonso atatipatsa nambala imodzi yodziwika yoti banja liziimbapo kukavuta, mphekesera za pa WhatsApp sizingamatiphe ndi mantha chonchi.

Achimwene anabwerako amoyo, tikuthokoza Mulungu, ngakhale tulo sagona bwino mpaka pano. Ife ku banki mkhonde yathu tinagwirizana kuti khomo la msilikali amene ali kutali tizilipalira munda kamodzi pamwezi. Loweruka likubwerali tikakhala ku dimba la mbatatesi la agogo aja anabwera kuzakhala ndi alamu, nawonso mdzukulu wao ali ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima.

Ine wanu,
Mlongo wa msilikali,
Lizulu, Ntcheu