Apongozi andibisira makapisozi, ati apweteka mwana m'mimba

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala chakufupi ndi Luchenza kuno ku Thyolo ndipo ndimathyola tiyi ku esiteti ina yake. Ndili ndi pakati pa miyezi 5, mimba yoyamba. Sabata yatha ndinayamba kumva kuotcha pokodza, mkodzo wake kumangotuluka timadontho koma pafupipafupi moti kumunda ndimangokhalira kutula dengu, ndiye kusikelo atandiyeza anandipatsa amoxicillin ati ndizimwa katatu patsiku mpaka athe.

Anesi anandilongosolera bwinobwino kuti zomwe ndamwa zimalowa m'magazi anga, zimadutsa pa nsengwa nkukafika kwa mwana kudzera pamchombo, njira yomweyo yomwe chakudya chake chimadutsa. Ati amoxicillin amafikadi koma samuononga, oopsa ndi monga doxycycline amene amadetsa mano a mwana asanamere nkomwe komanso kusokoneza mafupa, ndi Bactrim amene amalimbana ndi folic acid, vitamini amene amathandiza kuti mwana akule bwino m'mimba. Anatinso jakisoni wa penicillin amene amabaya amayi opezeka ndi chindoko amamudalira chifukwa chomwecho choti amadutsa nsengwa nkukachizanso mwanayo.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera apongozi zonsezi, koma iwo anangogwira mau amodzi oti "amafika kwa mwana" basi. Anatenga kapepala ka makapisozi kaja pawindo nkukamanga pansonga ya chitenje chawo, ati munthu wapakati samwa makapisozi, iwo anabereka ana 7 osamwako zimenezo ndipo mdzukulu wawo asaphedwe iwo akuona. Sikuti ndi munthu woipa ayi, madzi amanditungira, nkhuni amanditolera, ndi mantha chabe. Amuna anga ali ku Joni ndipo pa WhatsApp akungoti mverani amayi.

Pano kuotcha kuja kwabwerera, msana chakumbali kuno wayambanso kuwawa, ndipo anesi anachenjeza kuti matendawa akakwera ku impso thupi limatentha ndipo mwana atha kubadwa masiku asanakwane. Usiku tulo sindikuliona.

Ndiye azakhali ndithandizeni, poti ndadukiza mankhwala ndikawapeza ndipitirize pomwe ndinalekera kapena ndibwerere kuchipatala akandiyezenso? Nanga apongozi ndiwayankhule bwanji osaoneka wamwano poti ndikukhala pakhomo pawo? Ndimaganiza zowatenga tipite limodzi kusikelo akamve okha kwa anesi, koma ndikuopa kuti akakana ndiye nkhani ifika kwa ankhoswe.

Ine wodandaula,
Luchenza, Thyolo