Kwa akampani yopopera mankhwala: nyerere zija zabweranso, foni bwanji simukuyankha?

Ndikulemba poyera chonchi chifukwa kumbali mwasiya kundiyankha. Mauthenga anga a pa WhatsApp mukuwawerenga, timizere tija tikusanduka tabuluu, koma yankho ayi. Nambala ya ku ofesi kwanu ikalira kawiri imadulidwa. Ndiye ndati ndilankhule pa tsamba lanu lomwe lino, pomwe ndinakuyamikani mwezi watha, kuti amene anawerenga kuyamika kuja awerengenso izi.

Ndine mayi wa ku Chilomoni uja wophika makeke. Kumayambiriro kwa Novembala ndinakulipirani K90,000 pa foni, ndipo pa lisiti munalembapo ndi dzanja lanu kuti nyerere zikabweranso isanathe miyezi itatu mudzabwera kudzapoperanso ulere. Lisitilo ndili nalo, ndinaliika m'Baibulo kuti lisasowe.

Anyamata anu awiri anafika cha m'ma 10 koloko, mmodzi ataberekera sipuleya kumsana ngati akupita kudimba la tomato. Anapopera m'mbali mwa makoma, kunsi kwa sinki ndi pakhomo, ndipo ola lisanathe anali atakwera kale njinga yawo yamoto. Sanazungulire nyumba. Sanandifunse kuti nyererezi zimatulukira pati, kapena zimachuluka nthawi yanji. Mankhwalawo anathira kuchokera m'botolo la madzi akumwa lopanda cholembedwa chilichonse. Nditafunsa dzina lake, wamkuluyo anangoseka n'kuti, "Ndi amphamvu awa mayi, musadandaule, nkhani ya nyerere yathera pompano." Nditafunsa kuti mwana ndimulowetse nthawi yanji, wina anati pakatha maola awiri, mnzakeyo anati madzulo. Mwana wangayo ali ndi miyezi 10, akukwawa, ndipo chilichonse chimene wapeza pansi chimapita kukamwa. Tinakhala naye kwa aneba mpaka mdima.

Sindikana, m'mawa mwake ndinasesa nyerere zakufa zodzaza mbale. Ndinasangalala, ndinajambula, ndinalemba pano kuti mwandithandiza. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, koma ine ndinafulumira.

Patatha masiku 9 ndinali ndi oda ya keke yachinkhoswe, yosanjikiza katatu. Ndinamaliza kuikongoletsa cha m'ma 11 usiku, ndinaivindikira, ndinakagona mtima uli m'malo poti nyumba yanga ndi yopoperedwa. Nditadzuka ndinapeza mzere wakuda ukukwera mwendo wa tebulo, kudutsa pansi pa chivindikiro, mpaka m'timaluwa ta kirimu timene ndinakhalira usiku kupanga. Zina zinali zitamira mu kirimumo, miyendo yokha ikugwedezeka. Keke yotere simungaipukute n'kukapereka kwa eni ake. Ndinaphikanso ina ndi fulawa wanga, mazira anga, shuga wanga, mmene shuga wakwereramu, ndipo inafika ku chinkhoswe anthu atayamba kale kufupa. Mayi amene anandipatsa odayo sanandinene, anangolandira mwaulemu, koma sindikuganiza kuti adzandiimbiranso.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti poyamba vutoli linali kukhitchini kokha. Panopa zili kuchipinda chogona, zikutuluka pa soketi ya magetsi, ndimazipeza mu ketulo m'mawa uliwonse, ndipo dzulo zinali m'kapu ya phala la mwana.

Amene anandionetsa kolakwika si inu, ndi apongozi anga atabwera kuchokera ku Thyolo kudzaona mdzukulu. Anandiona ndikulimbana nazo ndi kansanza, anati, "Iwe, nyerere sathamangitsa, amazilondola." Anaika kachidutswa ka buledi wopaka shuga pansi, anakhala pa mpando n'kumangoyang'ana. M'mawa kusanache tinatenga tochi n'kutsatira mzere uja. Unalowa pa kamng'alu kakang'ono kunsi kwa sinki, pamene paipi imaboola khoma. Kunja unatsata paipiyo mpaka pamalo pamene imadontha, pamene dothi limakhala lonyowa ngakhale mu Okutobala. Kuchokera apo unagawika. Wina unalowa pansi pa simenti ya khonde, pomwe panali timilu ta dothi losalala ngati ufa. Wina unakwera mtengo wa mango umene nthambi yake imagona pa malata. Masamba ake anali omata, ndipo kunsi kwake kunali tizilombo toyera tonga kodikodi wa m'chinangwa. Nyerere zimamwa timadzi totsekemera totuluka mwa tizilomboti, n'chifukwa chake zimatiteteza ngati ziweto zawo. Zonsezi tinazipeza anthu awiri ndi tochi ya pa foni, nthawi yosakwana yophikira nsima. Anyamata anu kukhondeko sanapondeko n'komwe.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga, ndipo zimene ndaphunzira zandikwiyitsa kuposa keke ija. Nyerere zimene timaziona m'nyumba ndi zantchito chabe, zotumidwa kukasaka chakudya ndi madzi. Yoikira mazira imakhala kuchisa, situluka. Ukapopera, umapha zotumidwazo, mayi wawo n'kupitiriza kuswa zina. Ndipo pali mitundu ina ya tinyerere ting'onoting'ono ta m'nyumba imene ikasokonezedwa ndi mankhwala onunkha imagawika, chisa chimodzi n'kukhala zingapo. Sindinganene motsimikiza kuti zanga ndi zamtundu umenewo, koma zimene zachitika m'nyumba mwanga zikufanana nazo kwambiri. Njira yogwira ndi nyambo: chakudya chotsekemera chosakaniza ndi poizoni wogwira pang'onopang'ono, monga borax wochepa m'madzi a shuga, kuti zinyamule zikagawane kuchisa. Akachuluka mphamvu zimafera panjira, kuchisa osafika. Zimatenga masabata, ndipo masiku oyamba zimaoneka ngati zachuluka, umafunika kudzigwira osazipha. Kenako umamata ming'alu, umakonza paipi yodontha, umadula nthambi yokhudza denga, n'kupukuta njira yawo ndi viniga kapena madzi a sopo chifukwa zimatsata fungo limene zinzawo zasiya.

Ngati ine wophika makeke ndazidziwa izi m'masabata awiri, inu amene munalemba pa galimoto yanu kuti ndinu akatswiri simukuzidziwa? Kapena mukuzidziwa, koma kupopera n'kofulumira, kasitomala amaona mitembo pansi n'kukhulupirira kuti ndalama yake yagwira ntchito?

Tsiku lokhalo limene munandiyankha foni, bambo amene ndinalankhula nawo anati, "Mayi, nyerere ndi chilengedwe, mvula yayamba." Ndikudziwa kuti mvula yayamba. Ndinakulira kumudzi, ndikudziwa kuti kukatentha zimalowa kufuna madzi, ndipo madzi akalowa m'zisa zimasamukira pouma. Koma pamene munkalemba miyezi itatu ija mu Novembala, simunkadziwa kuti Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya mvula? Izi si linthumbu loti lingodutsa usiku umodzi, tithire phulusa pakhomo, m'mawa lapita. Izi zamanga mudzi pansi pa khonde langa. Kenako bambowo anati mwina ndi mtundu wina, osati umene munapopera. Mtundu woyambawo unali uti, poti palibe amene anawerama kuuyang'ana? Pomaliza anati kuti mubwerenso nditumize K25,000 ya mayendedwe. Mawu akuti ulere ali pa lisiti aja, mayendedwe sakutchulidwapo.

Anyamata aja sindikuwada. Anali aulemu, anavula nsapato pakhomo, ndipo mmodzi ankapopera opanda chotchinga pakamwa ndi pamphuno, akutsokomola. Ameneyo ndinamumvera chisoni, chifukwa ine ndinapuma fungolo tsiku limodzi, iye amalipuma tsiku lililonse. Vuto lili kwa amene anawatuma osawaphunzitsa.

Choyamba chimene ndikufuna, ngakhale nkhani ya ndalama isanabwere, ndi dzina la mankhwala amene munathira pansi pamene mwana wanga amakwawa. Mundilembere, chifukwa akadwala kuchipatala akandifunsa, ndipo sindingayankhe kuti "amphamvu". Mundionetsenso chiphaso chanu. M'Malawi muno nkhani za mankhwala ophera tizilombo zimayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board pansi pa lamulo la 2000, ndiye ngati ntchito yanu ili yovomerezeka, pepalalo silingakuvuteni kulitulutsa. Zikatero, mubwere mudzagwire ntchito imene ndinalipira, kuyambira kuchisa, ndi munthu amene angandifotokozere zimene akuchita. Ngati simungathe, ndibwezereni K90,000 yanga ndikasake ena. Ya keke sindikukulipiritsani, imeneyo ndameza.

Ndikudikirani mpaka Lachisanu. Likadutsa, lisiti lija ndi zithunzi zonse ndikazitula ku mabungwe oteteza anthu ogula, Competition and Fair Trading Commission ndi Consumers Association of Malawi (CAMA). Ndipo chonde musafufute zimene ndalembazi, ndajambula kale.

Paipi ija amuna anga aikonza, nthambi ya mango adula dzulo. Tebulo langa la makeke miyendo yake inayi ili m'zitini za madzi, monga ankachitira agogo, ndipo Loweruka ndili ndi oda ina. Nyumba ndi yomwe ija ya geti lofiira, anyamata anu akuidziwa.