Uthenga wa ndege usamathere pa malire

Akonzi,

Ife okhala kuno ku Joni tikamakamba za mabwalo a ndege akumudzi, nkhani imangothera pa nyumba zatsopano ndi mizere ya pa imigireshoni. Ine ndikupempha boma liyang'anenso kumene wapaulendo saona: mmene oyang'anira kayendedwe ka ndege amapatsirana uthenga.

Ndege yonyamuka pa OR Tambo kupita ku Chileka imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. A ku Johannesburg amaisiyira a ku Zimbabwe, iwonso a ku Mozambique, mpaka ifike kwa anzathu a ku Malawi. Aliyense ayenera kudziwiratu kuti ikubwera, ikuuluka pamwamba bwanji, ilowa m'dera lake nthawi yanji. Woyendetsa ndege amangosintha wayilesi n'kupereka moni, koma ndondomeko ya ulendo wake imakhala itatsogola kale pa makompyuta. Mauthenga ambiri otere m'mayiko a SADC amayenda pa netiweki ya satelayiti yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la kuno loyang'anira kayendedwe ka ndege la ATNS.

Zikangosokonekera pang'ono, chisokonezo chake si chamasewera. Pa 28 Ogasiti 2023 makompyuta a NATS, bungwe loyang'anira kayendedwe ka ndege ku Britain, anaima chifukwa cha ndondomeko ya ndege imodzi yochoka ku Los Angeles kupita ku Paris. Inali ndi malo awiri otalikirana kwambiri koma a chizindikiro chimodzi, DVL. Makina oyamba anaima, osungira pambali nawonso anaima, ogwira ntchito n'kuyamba kulowetsa ndondomeko pamanja. Apaulendo oposa 700,000 anavutika. Kumeneko ndi kwa anthu a ndalama zawo, nanga kwathu kumene magetsi amangothimathima?

Bungwe la United Nations loona za maulendo a ndege la ICAO likulimbikitsa njira yotchedwa SWIM, yoti za nyengo, ndondomeko za maulendo ndi machenjezo a pabwalo zizilembedwa mofanana kuti kompyuta ya dziko lililonse iziwerenga. Mayiko otizungulira akasamukira kumeneko ife tidakali pa makina akale, tidzakhala ngati mudzi wopanda mlatho nthawi ya dzinja.

Choncho aphungu, pokambirana bajeti, afunse a Malawi Civil Aviation Authority mosapsatira: majenereta a ku Kamuzu, Chileka ndi Mzuzu ali bwanji, zolankhulana za pa wayilesi zimajambulidwa n'kusungidwa kodi, ndipo ndi amisiri angati akuphunzitsidwa makina atsopanowa?

Wowerenga wanu,
Johannesburg