Bambo anga akufunsa ngati akalowe kumwamba, ndiwayankhe chiyani?

Okondedwa Abusa,

Tsamba lanu ndakhala ndikuliwerenga kwa zaka zambiri, koma sindidaganizepo kuti tsiku lina nanenso ndidzakulemberani. Ndine mayi wa zaka 44, mphunzitsi wa Bible Knowledge pa sekondale ina kuno ku Kasungu. Ntchito yangayi ndaitchula dala kuti mumvetse kulemera kwa mtima wanga. Chaka ndi chaka ndimaphunzitsa ana a eni Uthenga wa Luka ndi Machitidwe a Atumwi, amakhoza mayeso, koma bambo anga ondibereka atandifunsa funso limodzi lokha, pakamwa padauma.

Bambo ali ndi zaka 76. Mu February adagwa kudimba ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanja idafa ndipo mawu amatuluka movutikira. Tsiku lina nditapita kukawazonda adandigwira ndi dzanja lamanzere lija n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Naphiri, iwe udaphunzira. Undiuze zoona. Ine nditafa lero, ndikalowa?" Ndidayamba kukonza bulangete ngati sindidamve. Adabwereza. Ndidati tidzakambirana ndikadzabweranso. Ndapitako katatu chichokereni tsiku limenelo ndipo sindidawayankhebe.

Bambo adali mkulu wa mpingo, wodziwika m'dera lathu lonse. Malamulo Khumi tidawaloweza pakhonde pawo tisadalowe n'komwe kalasi. Mu 1996 fodya wa bale atayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, adakwatira mkazi wachiwiri, amayi ali moyo, ife ana asanu tili pasukulu. Bwalo la mpingo lidawaitana, lidawalangiza, adakana kumusiya mkaziyo, ndipo adadulidwa. Mpingo sindikuudandaula ayi. Udatsata zimene umakhulupirira, ndipo 1 Timoteyo 3 imanena poyera kuti woyang'anira akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Kuyambira pamenepo bambo sadadyenso Mgonero wa Ambuye, zaka pafupifupi 30 tsopano. Koma kutchalitchi sadasiye. Amakhala benchi yakumbuyo, chipewa pabondo, ndipo tsiku la Mgonero amatuluka mwakachetechete pamodzi ndi ana a kalasi. Buku Lopatulika lawo lidachita kuthothoka chikuto chifukwa chowerengedwa, ndipo lero lili kumutu kwa bedi ngakhale sangathenso kutsegula masamba okha.

Chidwalireni bambo, banja lathu lagawanika, ndipo mbali zonse ziwiri zanyamula Baibulo.

Achimwene athu aakulu amapemphera Loweruka. Adalowa mpingo wosunga Sabata ali pasukulu ku Thyolo, ndipo amakonda kutikumbutsa kuti mishoni ya Malamulo, imene a Adventist adayamba kumeneko mu 1902, dzina lakelo silidangogwa mwangozi. Ndisawanamizire, iwo sanena kuti lamulo ndilo limapulumutsa munthu. Amati lamulo ndi kalilole, limakuonetsa litsiro koma silikusambitsa, wosambitsa ndi Yesu yekha. Koma amapitiriza kuti munthu amene wasambadi sakagonanso m'matope omwe aja. Amatiwerengera Yohane 14:15, pamene Ambuye akuti wowakonda asunge malamulo awo, ndi Aroma 3:31, pamene Paulo mwini wake akukana kuti chikhulupiriro chimathetsa lamulo. Amabwera ndi Yakobo 2, chikhulupiriro chopanda ntchito ndi chakufa, ndipo ziwanda nazonso zimakhulupirira n'kumanjenjemera. Amatchula Zakeyu amene sadangoti ndakhulupirira koma adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda, ndi amuna a pa Ezara 10 amene adachotsa akazi awo achilendo. Mfundo yawo ndi imodzi: mayi aang'ono abwerere kwawo ku Mchinji, bambo abwerere kwa amayi, alape, kenako tikambe za chisomo.

Mng'ono wanga ali ku Johannesburg ndipo amapemphera ku mpingo wa chipentekoste. Ndiye amatumiza ndalama za mankhwala, choncho mawu ake amalemera pabanja. Usiku uliwonse pa WhatsApp pamagwa mauthenga ake. Iye akuti achimwene akufuna kusenzetsa nkhalamba yodwala goli limene Petro adanena pa Machitidwe 15 kuti ngakhale makolo awo adalilephera. Amaima pa Aefeso 2:8-9, kuti tapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito, kuti wina asadzitamande. Amaima pa Agalatiya 2:21, kuti chilungamo chikadabwera ndi lamulo ndiye kuti Khristu adafa pachabe. Ndipo amandifunsa ineyo mphunzitsi kuti wachifwamba uja wa pa Luka 23 adabweza chiyani, manja ake atakhomeredwa pamtanda? Adangoti mundikumbukire, ndipo adamva kuti lero lino udzakhala nane m'Paradaiso. Kwa iye nkhani yatha: bambo anene pemphero lolandira Yesu pafoni, basi.

Abusa, onsewa ndikawamvera ndimapeza kuti aliyense pali pamene akulumpha. Mng'ono wanga amalekeza pa vesi 9 ya Aefeso 2, chonsecho vesi 10 ikuti tidalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Amaiwalanso kuti msonkhano womwewo wa ku Yerusalemu umene udachotsa goli la mdulidwe udalemberabe akhristu a mitundu ina kuti apewe dama. Achimwene nawo sakonda kumva za Luka 18, za wamsonkho amene adaima patali akudziguguda pachifuwa n'kupita kwawo atayesedwa wolungama, Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata ndi wopereka chakhumi atatsalira. Ndikawerenga fanizo limeneli ndimaona benchi yakumbuyo ija ndi chipewa pabondo.

Mbiri ya mkangano umenewu ndimaidziwa, koma siikundithandiza. Ndikudziwa za Martin Luther, amene adazunzika ndi mantha a chiweruzo mpaka adapeza mpumulo pa Aroma 1:17, kuti wolungama adzakhala ndi moyo mwa chikhulupiriro, ndi za mfundo zake 95 za ku Wittenberg mu 1517. Ndikudziwanso kuti kalata ya Yakobo idamuvuta kwambiri mpaka adaitcha kalata ya udzu. Ndikudziwa kuti mu 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran adasainirana chikalata chovomerezana kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amakonza mitima n'kutiitanira ku ntchito zabwino. Anthu ophunzira zidawatengera zaka 482 kuti afike pamenepo. Bambo anga alibe zaka zimenezo, mwina alibe ngakhale miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo ngakhale nditavomereza kuti ntchito zabwino ndi chipatso, osati muzu, funso langa likutsalabe: kwa munthu uyu, pabedi ili, chipatsocho ndi chiti?

Pakuti amene achimwene akuti achoke ndi amene akuwasamala bambo. Mayi aang'ono ndiwo amawatembenuza usiku kuti asachite zilonda, amawasambitsa, amawamwetsa phala ndi supuni, amachapa zofunda m'mamawa uliwonse anthu asadadzuke kuti mwamuna wawo asachite manyazi. Adakwatiwa ali mtsikana wa zaka 20, lero ali ndi ana anayi, wotsiriza ali Folomu 3. Makolo awo adamwalira, ndipo munda umene ukadakhala wawo ku Mchinji abale adagawana kalekale. Ndikaganiza zowanyamulitsa katundu ndimaona Hagara wa pa Genesis 21, atapatsidwa mkate ndi thumba la madzi, akusochera m'chipululu ndi mwana wake. Mulungu adamva kulira kwa mwanayo. Kodi ifeyo tingatche kulapa chinthu chimene chisiya mayi ndi ana padzuwa?

Ndidawerengapo kuti mabishopu a Anglican pa msonkhano wawo wa Lambeth mu 1888 adakana kubatiza mwamuna wamitala, koma mu 1988 adasintha n'kulola kuti wamitala wotembenuka mtima abatizidwe, bola asadzakwatirenso wina, ndipo asakakamizidwe kuchotsa mkazi aliyense chifukwa cha umphawi umene akaziwo angagweremo. Zidandikhudza kwambiri. Koma ndisadzinamize, iwo ankanena za munthu amene Uthenga wamupeza ali kale pamitala. Bambo anga adalowamo maso ali tseguke, atalumbira ukwati m'tchalitchi, akudziwa lamulo lachisanu ndi chiwiri pamtima.

Iwo eni sakana. Tsiku lina mayi aang'ono atapita kuchigayo adandiuza misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope kuti, "Ndidalakwa. Ndidamulakwira Mulungu, ndidawalakwira amayi ako, ndidakulakwirani inu. Koma madzi akatayika saoleka. Uyu ndimuthamangitse apite kuti? Ndikatero sindichimwanso kachiwiri?"

Amayi ondibereka ndimakhala nawo kuno. Ali ndi zaka 72, sadakwatiwenso, ndipo yunifolomu yawo ya amayi a mpingo sidaphonyepo tsiku. Ndimayembekezera kuti iwo ndiwo akhale patsogolo kufuna kuti lamulo ligwire ntchito. Nditawafotokozera maganizo a achimwene adakhala chete nthawi yaitali, kenako adati, "Bambo ako ndidawakhululukira chaka cha njala, 2002, atabwera ndi thumba la chimanga panjinga usiku. Koma musandibweretsere munthu woti ndizimunyamula, mikono yangayi idatha. Ndipo mwana wa eniyo musamuchotse. Adya naye zokoma, adyenso naye zowawa." Sindikudziwa ngati mawu otsirizawa ndi chifundo kapena bala limene silidapole. Mwina ndi zonse ziwiri.

Pali china chimene sindidauzepo munthu. Chaka chimene bambo adakwatira, ine ndidakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa chosowa fizi, uku kunyumba inayo kukufoleredwa malata. Ndidadana nawo mayi aang'ono zaka zambiri. Achimwene akamalankhula, mumtima mwanga muli kamtsikana ka zaka 15 kamene kamavomera kuti inde, achoke, nawonso alawe. Ndikuopa kuti ndikatsamira ku lamulo ndikhala ndikubwezera chabe, n'kumabisala kumbuyo kwa mavesi. Ndikuopanso kuti ndikatsamira ku chisomo chidzakhala chifukwa choti sindikufuna kuona bambo anga akulira, ndiye ndiwapatse mtendere wabodza, ndidzayankhe mlandu wa moyo wawo. Ezekieli 33 imanena za mlonda amene sachenjeza, ndipo imandisowetsa tulo.

Akulu a mpingo adabwera kudzawaona, adapemphera nawo mwachikondi, ndipo adati khomo ndi lotsegula akakonza za banja. Achibale ena nkhawa yawo yaikulu ndi maliro, kuti munthu amene adali mkulu wa mpingo asadzaikidwe popanda mwambo wa mpingo, popanda nyimbo, anthu n'kumaloza. Inenso zimenezo zimandipweteka. Koma bambo sadandifunse za nyimbo za pamaliro pawo. Adandifunsa ngati akalowe.

Ndiye ndithandizeni, Abusa. Kodi munthu amene wavomereza tchimo lake, akulira nalo, akudalira magazi a Yesu, koma sangathe kumasula mfundo imene adamanga popanda kupweteka anthu osalakwa, walapa kapena sadalape? Kodi kudulidwa mu mpingo wa pansi pano ndiye kudulidwanso kwa Khristu? Ngati chikhulupiriro chenicheni chimabala ntchito, ntchito imene Mulungu akufuna kwa nkhalamba yakufa ziwalo ndi kuchotsa mkazi, kapena ndi kupepesa amayi pamaso pa ana onse asanu ndi anayi, n'kugawa munda mwachilungamo asadatisiye? Ndipo ngati achimwene akulondola, mundiuze mosabisa, ndidzapirira, koma mundiuzenso kumene mayi aang'ono ndi ana awo akagone, ndi amene adzatembenuze bambo usiku.

Musandiyankhe kuti ndingopemphera, chifukwa ndikupemphera. Ndikufuna mawu oti ndikanene ndi pakamwa panga, m'Chichewa chimene munthu wodwala angamve, opanda bodza ndiponso opanda nkhanza. Kumapeto kwa mwezi uno ndikalandira malipiro ndikwera minibasi kupita kumudzi ndi mankhwala awo a BP, ndipo ndikudziwa kuti ndikangokhala pamphepete pa bedi adzandigwiranso dzanja.

Ine mwana wanu wothedwa nzeru,
Mphunzitsi, Kasungu