Mtunda wa Lilongwe ndi London: nambala ya pa intaneti si ulendo wonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiwunikire pang'ono anthu amene akugulira ana kapena abale matikiti a ndege opita ku London. Mukafufuza pa intaneti mupeza kuti kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa Heathrow ndi makilomita pafupifupi 8,000. Nambalayi ndi yoona, koma ndi ya ndege yowongoka, ndipo panopa palibe ndege yonyamula anthu yomwe imachoka kuno n'kukatera ku London osaima pena.

Mukadzera ku Nairobi, ulendo wonse ndi makilomita ngati 8,300. Mukadzera ku Addis Ababa ndi 2,600 kuwonjezerapo 5,900, ndiye kuti 8,500. Koma wodzera ku Johannesburg amayamba wabwerera kummwera makilomita 1,500, kenaka n'kuuluka 9,000 ndi kanthu kulowera kumpoto. Onse pamodzi amapitirira 10,500, ndipo chigawo chachiwiricho chokha chimadya maola 11. Nthawi zina tikiti ya njirayi imatsikirako mtengo, koma msana ndi umene umalipira.

Ngakhale manambala awawa amaperewera. Chiyambireni nkhondo ya ku Sudan mu Epulo 2023, ndege zambiri zimalambalala dzikolo, zomwe zimawonjezera mtunda ndi mafuta. Chenjeraninso ndi muyeso: mailo wamba ndi makilomita 1.6, pomwe mailo omwe oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito ndi makilomita 1.852. Mukaona mailo 4,300 a oyendetsa ndege kapena mailo wamba 4,950, musaganize kuti London yasendera: ndi mtunda womwewo wa makilomita pafupifupi 8,000.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa nthawi. Ndege yaikulu imathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, choncho wina amagawa 8,000 ndi 900 n'kuuza wokamuchingamira kuti afika pakatha maola naini. Waiwala kudikira pabwalo losinthira, komwe kumatha kudya maola awiri kapena usiku wonse. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya malo omwe ndege ikunyamukira kapena kutera. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. London ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri, kupatula kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, pamene kusiyanako kumatsala ola limodzi.

Ine ndinganene kuti tikiti yosinthira ndege m'mphindi zosakwana 90 isiyeni, ngakhale itchipe. Ndege yochoka kuno ikachedwa ndi theka la ola, inuyo mwina mungathamange n'kuipeza inayo, koma sutikesi yanu itsala. Ndipo zigawo zonse ziwiri zikhale pa tikiti imodzi. Mukagula padera, kampani yachiwiri sikakamizika kukusungirani mpando wina yoyamba ikakuchedwetsani, komanso katundu mumakamutenga nokha n'kumulembetsanso, zomwe m'maiko ena zimafuna viza.

Wowerenga wanu,
Lilongwe